Mimba ya m'chubu: yankho kwa bambo wa ku East Bank

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku East Bank, ndipo andilola kuti ndiwayankhe pano osatchula dzina. Iwo akuti:

"Mkazi wanga anadumphitsa kusamba kawiri. Tsiku lina akuchokera kudimba anayamba kumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, usiku wake n'kukomoka. Kuchipatala anati mimba inakhala m'chubu, anamuchita opaleshoni n'kuchotsa chubucho. Pano kwathu ena akuti anachotsa mimba dala, ena akuti analodzedwa. Kodi madokotala sakanatha kumubwezera mwanayo m'chiberekero? Nanga adzaberekanso?"

Achimwene, pepani kwambiri. Mwataya mimba imene munkaiyembekezera, ndipo pang'onong'ono mukanataya ndi mayi omwe. Ndiyambe ndi mawu amene akukusowetsani tulo: akazi anu sanachotse mimba, ndipo palibe chimene anachita kudimba kapena kunyumba chimene chinabweretsa zimenezi.

Mbali zonse ziwiri za chiberekero kuli kanjira kopyapyala kamene dzira limadutsamo, ndiye machubu amene a chipatala amanenawo. Dzira limakumana ndi umuna m'kanjira kameneka, kenako limayenda masiku angapo mpaka kukakhazikika m'chiberekero. Nthawi zina limaima panjira n'kuyamba kukula pomwepo. Zimachitika pa mimba 1 kapena 2 mwa mimba 100 zilizonse, ndipo zoposa 9 mwa 10 za mimba zotere zimakhala m'chubu. Chiberekero chinalengedwa kuti chizitambasuka. Chubu ayi. Mimba ikamakula chimaphulika, nthawi zambiri mimbayo isanakwane miyezi 3, ndipo magazi amathira m'mimba momwemo osaonekera kunja. N'chifukwa chake akazi anu anakomoka pomwe pansalu panalibe magazi ochuluka oti n'kudzidzimutsa munthu.

Pa funso lanu loyamba, yankho ndi lakuti ayi. Palibe dokotala, kaya ku Queens ku Blantyre kaya ku London, amene angazule mimba m'chubu n'kuibzala m'chiberekero. Mwanayo sakanakula mpaka kubadwa. Amene akanatha kupulumuka ndi mayi okha, ndipo ndi amene anapulumutsidwa. Pali jakisoni wa methotrexate amene amaletsa mimba yotere kukula popanda kung'amba, koma amagwira pokhapokha yadziwika msanga, ili yaing'ono, chubu chisanaphulike, komanso mayi azibwerabwera kukayezetsa magazi. Munthu akafika atakomoka, nthawi ya jakisoniyo inapita kale.

Chimene chimachititsa dzira kuima panjira nthawi zambiri ndi zipsera m'chubu. Matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chlamydia amasiya zipsera zotere, ndipo mwa amayi amatha kukhala zaka osaonetsa chizindikiro. Matenda olowa m'chiberekero munthu akachira kapena akapita padera nawonso amatero, chimodzimodzi opaleshoni yakale ya m'mimba ndi kusuta fodya. Kwathu kuno kuchigwa ndionjezere likodzo. Ife timalidziwa ngati matenda a anyamata okodza magazi, koma mazira ake amatha kukafika m'ziwalo zoberekera za mayi n'kuononga machubu. Mayi amene amachapa ku Shire, kulima mpunga m'madambo kapena kuoloka ngalande za m'minda ya nzimbe asamakane mankhwala a likodzo akamagawidwa. Koma musatenge mndandandawu n'kupita nawo kunyumba kukazenga mlandu. Pafupifupi theka la amayi amene zimawachitikira sapezeka ndi chifukwa chilichonse.

Adzaberekanso? Amayi ambiri otsala ndi chubu chimodzi chabwino amatenga mimba n'kubereka bwinobwino. Chimodzicho chimakwana. Apatseni nthawi, bala lipole, magazi abwerere, amalize mankhwala oonjezera magazi amene anapatsidwa, ndipo mtima nawo upole, chifukwa maliro a mimba yaing'ono salira ndi mudzi koma mayi amawalira yekha. Funsani a chipatala kuti mudikire nthawi yaitali bwanji komanso njira yolera yoyenera pakadali pano. Nonse awiri mukayezetse matenda opatsirana, pakuti kuchiza mayi yekha n'kutunga madzi ndi dengu. Dziwaninso kuti amene zinamuchitikirapo, mwa 10 aliwonse pafupifupi 1 zimamubwereranso.

Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa pali mwambo wathu umodzi umene umandidetsa nkhawa. Mimba yaing'ono sitiitchula. Mayi amabisa mpaka ionekere yokha, poopa maso a anthu, ndipo ambiri amayamba sikelo miyezi itapita. Ndikumvetsa chifukwa chake. Koma mimba ya m'chubu imapha m'masabata omwewo amene timakhala chete. Ndinaonapo mtsikana atakhala pa benchi ya chipatala china, atapinda thupi, dzanja atagwira phewa. Atafunsidwa anangoti m'mimba mukupota, pakuti apongozi ake anali pambali. Anatsala pang'ono kubwerera ndi mankhwala a malungo. Namwino atamutengera kuseri ndi pamene ananong'ona kuti mwezi watha sanasambe. Manja ake anali ozizira, m'zikope mwayera ngati ufa woyera. Tsiku lomwelo analowa ku fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni.

Phewa limenelo lisakudabwitseni. Magazi akadzaza m'mimba amakwera mpaka pansi pa nthiti, ndipo ululu wake umamvekera pansonga ya phewa. Choncho mayi amene wadumphitsa kusamba, ngakhale ali pa njira yolera, akamva kupweteka mbali imodzi ya chinena, akamadontha timagazi takuda tosiyana ndi ta kumwezi, akamamva chizungulire poimirira, kupweteka pochita chimbudzi kapena phewa, asadikire kuti kuche. Asayambe wamwa zitsamba, ndipo wina asamusisite pamimba. Akafika kuchipatala, mawu oyamba akhale akuti "sindinasambe", kuti amuyeze mkodzo pompo.

Kumbukirani kuti chipatala chaching'ono cha kumudzi chikhoza kuyeza mkodzo ndi kuika dripi, koma opaleshoni imachitikira kokhala fiyeta, monga ku chipatala cha boma cha Chikwawa kapena Nsanje, ku Montfort ku Nchalo, ndi ku Trinity ku Muona kumene inu a ku East Bank muli nako pafupi. Mukudziwa nokha mmene misewu imakhalira Shire ndi Ruo zikasefukira. Mu 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, midzi yambiri inadukiratu. Mtunda umene kabaza amauyenda ola limodzi m'chilimwe, m'dzinja umatha kudya tsiku lonse.

Ndiye akazi anu akadzangodumphitsanso kusamba, apite sabata yomweyo ndi kabuku kawo ka kuchipatala, aonetse pamene panalembedwa za opaleshoni, apemphe sikani kuti aone pamene mimba yakhala. Sungani padera ndalama ya njinga yamoto ndi nambala ya woyendetsa amene angadzuke usiku. Ndipo tsiku lokaonetsa bala, tengani mayi anu kapena ankhoswe apite nawo, adzimvere okha kwa dokotala chimene anapeza m'mimbamo.