Ulendo Ukasokonekera Panjira: Owerenga Afunsa, Ife Tiyankha

Akonzi, ndege yathu inachedwa kunyamuka mpaka ndinaphonya ina imene ndimayenera kukakwera patsogolo. Ndinachezera usiku wonse mtima uli m'mwamba, koma anzanga ena ankangocheza n'kumaseka. Amatha bwanji? — Mayi wowerenga

Zikomo mayi. Oseka aja sikuti zinthu sizikuwakhudza ayi. Kawirikawiri amakhala atachita kale zochepa zimene angathe, zotsalazo n'kuzisiya. Mtima sukhazikika ngati pali kanthu kamene simunakonze, ndiye yambirani pamenepo.

Onani tikiti yanu. Ngati maulendo onse awiri munagula pa tikiti imodzi, kampani ndiyo iyenera kukupezerani ndege ina popanda kulipiranso. Ngati munagula padera, ndege yachiwiriyo imangolemba kuti simunabwere, ndipo nthawi zambiri ulendo wobwerera umafufutidwanso mukapanda kuwauza msanga. Imani pamzere, koma muli pomwepo imbiraninso kampaniyo foni, chifukwa mipando yotsala imatha anthu akadali pamzere. Pemphani akulembereni chifukwa chimene ndege yachedwera, ndipo sungani chiphaso chokwerera ndege (boarding pass) ndi malisiti onse.

Ngati ndegeyo inanyamukira m'dziko limene lili m'bungwe la European Union, lamulo lawo la 261/2004 limati mukafika mochedwa ndi maola 3 kapena kuposa, mukhoza kulandira chipukutamisozi cha ma euro 250, 400 kapena 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo. Chikakhala chifukwa cha nyengo yoipa, ndalamazo palibe, koma chakudya ndi pogona ayenera kukupatsanibe.

Dziwaninso kuti ndege imatha kukonzedwa bwinobwino koma osanyamuka, chifukwa oyendetsa ali ndi malire a maola ogwira ntchito. Akakwana, mudikira ena. Mtsikana wa pakauntala uja sangasinthe zimenezo, ndipo kumukalipira n'kudzitopetsa chabe.

Mukamaliza izi, lekani kuyang'ana bolodi la nthawi za ndege mphindi iliyonse. Tcherani alamu ya mphindi 30, ikani foni pa chaja, imwani madzi, yendaniyendani. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnzanu wokhala pambali panu, amene mukadangomudutsa, tsopano muli naye nkhani imodzi, ndipo moni yekha ndi wokwanira kuyambitsa macheza.

Pa 11 September 2001, dziko la America litatseka mlengalenga mwake, ndege 38 zinatera ku Gander, tauni ya anthu pafupifupi 10,000 ku Newfoundland m'dziko la Canada. Alendo oposa 6,000 anakhala kumeneko masiku angapo, akugona m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'nyumba za anthu osawadziwa. Madalaivala a mabasi a sukulu, amene anali pa sitalaka, anaiimitsa kuti anyamule alendowo. Okwera ndege imodzi, pobwerera, anasonkha ndalama zothandizira maphunziro a ana a ku Lewisporte, tauni ina ya pafupi kumene iwo anasungidwa. Sitikunena kuti kuchedwa kulikonse kumatha chonchi. Kwina kumangotopetsa basi, ndipo palibe cholakwa kuvomereza kuti mwatopa.

Ine ndinafika koma chikwama changa ayi. Nditani? — Bambo wowerenga

Bambo, musatuluke m'bwalo la ndege musanalembetse fomu ya katundu wosowa yotchedwa PIR pa ofesi ya katundu, mutanyamula kachiphaso kamene anamata pa tikiti yanu. Pangano la mayiko la Montreal la 1999, lokhudza maulendo a pandege, limati chikwama chikapanda kupezeka pakatha masiku 21 chimatengedwa kuti chatayika, ndipo chikafika chowonongeka mudandaule molemba pasanathe masiku 7. Gulani zofunika zokhazokha, musunge malisiti. Ulendo wina, mankhwala, chaja ndi zovala za tsiku limodzi zikhale m'kachikwama ka m'manja.

Basi yathu inatentha injini n'kufera pakati pa tchire dzuwa likulowa. Anthu tinayamba kukakamiza dalaivala kuti athire madzi tipitirire. Tinalakwa? — Wachinyamata wowerenga

Munalakwa ndithu, achimwene, ngakhale tikumvetsa mantha anu. Injini ikatentha kwambiri, madzi a mu rediyeta amakhala opanikizika ndipo amatentha kuposa owira pamoto. Kutsegula chotsekera nthawi yomweyo kumawathovutsira kumaso, ndipo kuthira madzi ozizira mu injini yotentha kukhoza kuing'alula. Pamafunika kudikira mphindi zosachepera 30, kenako kuona ngati paipi yaphulika kapena lamba wa fani waduka. Ngati ndi choncho, madzi okha sathandiza, mungoyenda pang'ono n'kuimanso.

Zanu monga okwera ndi izi: tsikirani mbali yosayang'ana msewu, khalani patali ndi basiyo, osati kutsogolo kapena kumbuyo kwake, ndipo onetsetsani kuti aika zikwangwani zochenjeza mbali zonse ziwiri, makamaka pokhota. Tumizani uthenga umodzi kunyumba wonena pamene muli, kenako zimitsani data kuti batire isathe. Amene ali ndi madzi ayambe kupatsa ana ndi okalamba.

Kukada, yang'anani kumwamba. Kutali ndi magetsi a m'tauni nyenyezi zimaoneka zochuluka zedi, koma maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungosuzumira pa foni kamodzi kumawabwezera pachiyambi.