Tifunseni: Ulandilodi wa mu Second Life

FUNSO: Zikomo akonzi. Mu Second Life ndimaona anthu akubwereketsa malo n'kumatolera lendi sabata ndi sabata. Ndili ndi kampamba pang'ono. Ndiyambire pati? (Bambo wa ku Zomba)

YANKHO: Bambo, choyamba dziwani kuti inunso mudzakhala tenanti. Second Life ndi dziko lopeka la pa intaneti, ndipo malo ake onse ali m'manja mwa kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco, yomwe inatsegula dzikoli mu 2003. Chimene mumagula ndi chilolezo chogwiritsa ntchito malowo, ndipo mwezi uliwonse mumalipira ndalama yotchedwa tier, m'madola a ku America, kaya mapuloti anu adzaza kaya ali mbee.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Chigawo chathunthu, chomwe amachitcha region, ndi mamita 256 m'litali ndi 256 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 65,536. Tier yake ndi pafupifupi US$200 pa mwezi, kupatula ndalama yotsegulira. Tiyerekeze kuti ndi US$210. Matenanti amalipira mu Linden dollar (L$), ndalama ya m'dzikoli, ndipo dola imodzi imasinthidwa ndi pafupifupi L$250. Ndiye kuti mukufunika L$52,500 pa mwezi, kapena L$12,000 ndi kanthu pa sabata. Mukadula chigawocho m'mapuloti 16 a masikweya mita 4,096, puloti iliyonse iyenera kubweretsa pafupifupi L$760 pa sabata kuti mungobweza tier basi. Mapuloti anayi akakhala opanda munthu, 12 otsalawo ayenera kubweretsa kupitirira L$1,000 iliyonse. Mukakweza lendi kufika pamenepo, matenanti asamukira kwa eni zigawo zambirimbiri, amene amakhutira ndi phindu lochepa pa puloti. Choncho powerengera musamaike kuti mapuloti onse adzadzaza. Ikaninso ndalama imene amadula pogulitsa ma Linden dollar ndi potulutsa madola.

Tikulangizani kuti musayambe ndi chigawo. Lembetsani akaunti yolipira yotchedwa Premium, yomwe imakulolani kukhala ndi masikweya mita 1,024 pa mainland (malo amene Linden Lab imayang'anira yokha) osalipira tier yapadera. Tsegulani gulu, perekani malowo kwa gululo (malo a gulu amapatsidwa 10 peresenti yowonjezera pa tier), mangani tinyumba tiwiri, ikani bokosi lotolera lendi monga CasperLet, muone ngati anthu akubwera komanso ngati akukhalitsa. Ndipo musanaike ndalama yaikulu, yesani kaye kutulutsa kochepa mpaka kakupezeni m'manja. Kwa amene mudzalipira ndi khadi ya banki ya kuno, kumbukirani kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Khadi ikakana kulipira tier kwa nthawi, akaunti imatsekedwa, malo amalandidwa, matenanti amene analipiriratu n'kutsala padzuwa.

Mwina munamva za Ailin Graef, wodziwika kuti Anshe Chung, yemwe mu 2006 analengeza kuti chuma chake cha m'dzikoli chafika US$1 miliyoni. N'zoona, koma nthawi imeneyo anthu ankakhamukirako ndipo malo ankasowa. Lero malo ndi mbwee. Dziwaninso kuti mwini wake amasintha mitengo mmene wafunira: mu Okutobala 2008 Linden Lab inalengeza kuti zigawo zotchipa zotchedwa Openspace zikwera kuchoka pa US$75 kufika US$125 pa mwezi, ndipo malandilodi ambiri anazibweza.

FUNSO: Ndili kale ndi mapuloti asanu, koma matenanti akudandaula kuti sakutha kuika mipando, chonsecho sanafike pa malire awo. Vuto n'chiyani? (Mayi wa ku Chipata)

YANKHO: Mayi, chinthu chilichonse choikidwa pa malo chili ndi kulemera kwake kotchedwa land impact. Pa mainland, masikweya mita 1,024 amanyamula 351. Mapuloti a mwini mmodzi m'chigawo chimodzi amatapa m'nkhokwe imodzi, motero tenanti mmodzi akadutsa malire ake amadyera anzake. Tsegulani zenera la About Land, pitani pa Objects, muone amene wachulutsa katundu. Yatsaninso auto-return, muike mphindi zisanu kapena khumi, kuti zinthu zosiyidwa ndi anthu odutsa zizibwerera kwa eni ake. Musanayatse, onetsetsani kuti katundu wa matenanti anu analembedwa pa dzina la gulu lanu, apo ayi abwezedwa limodzi ndi zinyalalazo ndipo nyumba ya munthu iphwasuka. Lembani malire a aliyense pa bokosi la lendi, komanso masiku amene mumadikira lendi ikatha musanabweze katundu. Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira, bola mutumize uthenga tsiku loyamba.