Saluni yapamwamba kapena galimoto yokwera? Yankho kwa achimwene a ku Machinjiri

Ndalandira imelo kuchokera kwa owerenga athu ena a ku Machinjiri amene amagwira ntchito ku Limbe. Ndaifupikitsa motere: "Ndasunga ndalama zoti ndisiye Vitz, ndigule galimoto yooneka. Mtima uli pa Mercedes C200 ya 2012 kapena Mark X, koma anzanga pagulu lathu la WhatsApp akuti saluni inatha fasho, ndigule Harrier kapena CX-5. Ena akuti ma crossover, galimoto zokwera ngati zimenezi, ndi galimoto za anthu osadziwa kukoma kwa chiwongolero. Kwathu ndi ku Thyolo ndipo ndimapitako mwezi ndi mwezi. Kodi n'zoona kuti saluni ikutha? Nanga inu mukanagula iti?"

Achimwene, apa pali mafunso awiri, ndipo anzanu aja akuwaphika mumphika umodzi. Loyamba ndi la kumene msika ukulowera. Lachiwiri ndi la galimoto yoti izikafika pageti panu mu Januwale mvula itakhuthuka usiku wonse.

Tiyambe ndi msika. Akunena kuti saluni ikuchepa sakunama. Toyota inasiya kupanga Mark X mu 2019, galimoto imene inayamba mu 2004 kulowa m'malo mwa Mark II. Premio ndi Allion, zimene zadzaza m'misewu ya Blantyre muno, zinatsatira mu 2021. Lexus GS inathera mu 2020, Nissan Fuga mu 2022. Ku America, Ford inalengeza mu 2018 kuti isiya kugulitsako saluni, ndipo Fusion inatha mu 2020. Ngakhale pafupi pompa, fakitale ya BMW ya ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria, imene inapanga 3 Series kwa zaka zambirimbiri, mu 2018 inaisiya n'kuyamba kupanga X3. Chimene chinawapweteka mtima kwambiri okonda saluni ndi Toyota Crown. Galimoto imeneyi yakhala ya mabwana ku Japan kuyambira 1955, koma mu 2022 Crown yatsopano inayamba kutuluka ili yokwera, akuitcha Crown Crossover. Saluni yake inabwera pambuyo, ngati mlendo. Pamwamba penipeni nazonso zinatembenuka: Porsche inayamba ndi galimoto yokwera ya Cayenne mu 2002 anthu akuinyoza, koma Lamborghini ndi Rolls-Royce anatsatira mu 2018 ndi Urus ndi Cullinan, ndipo Ferrari inagonja mu 2022 ndi Purosangue.

Chifukwa chake si chakuti saluni inaipa. Ogula galimoto zatsopano kunjako ambiri ndi achikulire, amafuna kulowa m'galimoto osawerama ndi kutuluka osagwira bondo. Makolo amafuna chitseko chachikulu chakumbuyo. Aliyense amafuna kukhala pamwamba kuti aziona patali. Ndipo opanga galimoto anaona kuti akatenga thupi ndi injini za saluni n'kuzikweza pang'ono, amatha kuikapo mtengo wokulirapo pa zitsulo zomwezo. Harrier yoyamba ya 1997 inamangidwa pa maziko a Camry, saluni ya Toyota.

Ife zimenezi zimatifika mochedwa. Ambirife sitigula yatsopano. Timadikira kuti munthu wa ku Nagoya ku Japan atope nayo, iikidwe pa misika ya pa intaneti ya BE FORWARD kapena SBT, itsike sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kapena idzere ku Beira kaya ku Durban n'kulowera pa Mwanza. Ndiye zimene a ku Japan anagula zaka 8 kapena 10 zapitazo ndi zimene mukuziona lero pa Chipembere Highway: Vezel, CX-5, X-Trail, Forester, Harrier. Mark X yatsopano kulibenso, choncho chaka chilichonse zotsalazo zikukalamba, ndipo msonkho wa MRA umakwera galimoto ikamakalamba komanso injini ikamakula. Zimenezi zikutanthauza kuti Mark X yabwino idzayamba kuvuta kupeza, pomwe masipeya ake akadalipo ambiri kwa zaka zikubwerazi chifukwa zinalowa zambiri m'dziko muno.

Tsopano anzanu ena aja, amene akunyoza crossover. Ine ndili nawo mbali imodzi pa nkhani ya kukoma, ndisabise. Tengani Mark X ya injini ya 2.5, V6 yokoka ndi matayala akumbuyo, muiyendetse pa msewu wa Zomba m'mawa magalimoto asanachuluke. Imakhala pansi, simayendayenda pakona, ndipo mukafuna kupitirira thiraki imangoyankha. Harrier ya 2013 kupita m'tsogolo, ya injini ya 2.0 ndi giyabokisi ya CVT (otomatiki yopanda magiya enieni), mukaiponda imayamba yalira kaye liwiro n'kubwera pambuyo. Potsika Thabwa kupita ku Chikwawa mumamva thupi lake likupendekera pakona iliyonse. Galimoto ikakwera, kulemera kwake kumakweranso, ndipo palibe mainjiniya amene angazithetseretu zimenezo. Saluni imadulanso mphepo bwino, choncho pa injini zofanana imamwa mafuta pang'ono paulendo wautali. Onena kuti crossover ndi galimoto yabwino pa chilichonse sanakhalepo mu saluni yabwino.

Koma inu simukhala pa msewu wa Zomba. Mumakhala ku Machinjiri, ndipo galimoto imasankhidwa ndi kamsewu kochoka pa tala kukafika pakhomo. Mark X pansi pake pali mpata wa masentimita pafupifupi 15, Harrier pafupifupi 19, CX-5 yoyamba ija pafupifupi 21. Pa pepala kusiyanaku kukuoneka kochepa. Pa hampu, mutanyamula anthu anayi ndi thumba la chimanga lochokera ku Thyolo, masentimita anayi amenewo ndi amene amasiyanitsa kudutsa mwakachetechete ndi kukhula pansi. Yang'anani mabampala akutsogolo a ma Mark X ndi ma Benzi oimikidwa pa Chichiri Loweruka masana, muwerenge angati omangidwa ndi waya kapena timalamba tapulasitiki. Eni ake si oyendetsa moipa ayi. Ndi ngalande, miyala yokokoloka ndi mvula, ndi mageti otsetsereka a m'mapiri a mzinda uno. Blantyre si Lilongwe. Ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Soche, nyumba zambiri mumazifikira mokwera kapena motsika, ndipo saluni yaitali mphuno imayamba yagunda pansi matayala asanafike.

Amene amakhala ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, n'kumagwira ntchito pa Victoria Avenue, vuto limeneli sakulidziwa, ndipo nthawi zambiri ndi amene amalankhula mokweza pa magulu a WhatsApp.

Chenjezo limodzi pa zokwerazi: crossover si Prado. Prado ndi Fortuner zili ndi chasisi chachitsulo pansi, thupi n'kukhala pamwamba pake. Harrier, CX-5 ndi Vezel thupi lake ndi limodzi ngati la saluni, ndipo zambiri zobwera kuno zimakoka ndi matayala akutsogolo okha. Zidzakudutsitsani pa maenje ndi pa msewu wafumbi wa kumudzi nthawi yachilimwe, koma pa matope ofiira a ku Thyolo mu Febuluwale zimaterereka ngati ina iliyonse. Ngati kwanuko n'kotalikira tala, funani yolembedwa 4WD, ndipo musakhulupirire wogulitsa, suzumirani pansi muone ngati pali shafti yopita kumbuyo.

Nkhani ya C200 ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndikuona kuti mtima wanu uli pamenepo. Mtundu wa C200 umene mukufunawu, wotchedwa W204, imene inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2014, ndi galimoto yabwino, yolimba thupi, ndipo chitseko chake chikamatsekeka mumamva kuti mwalowa m'galimoto. Mtengo wake pa intaneti umakopa, nthawi zina umatsika kuposa wa Harrier ya chaka chomwecho. Pamenepo dzifunseni chifukwa chake. Galimoto yapamwamba imagwa mtengo msanga chifukwa ogula akudziwa kuti kuisamala sikugwa mtengo. Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Injini ya 1.8 ya m'galimoto zimenezi imadziwika ndi vuto la tcheni cha taimingi ndi magiya ake, ndipo chizindikiro chake ndi kaphokoso kogogoda mukangoiliza m'mawa. Ikayatsa nyali pa dashibodi imafuna kompyuta yoiwerenga bwino ndi makaniko woidziwa. Amakaniko otero mu Blantyre alipo, koma si ambiri, ndipo sipeya yambiri imachokera ku Johannesburg. Apa ndi pamene msika wa dziko lathu umalowerera. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zimasowa. Sipeya ya Toyota mukhoza kuipeza ku Ndirande kapena ku Limbe tsiku lomwelo, yatsopano kapena yochotsa pa ina. Ya Benzi mumaitanitsa, mumadikira, galimoto ili pa mitengo, inu muli pa minibasi. Ngati mutagula C200 mukutsala ndi ndalama yapadera yongodikira tsiku limenelo, gulani, mudzasangalala nayo. Ngati ndalama yonse ikuthera pa kugula, msonkho, inshuwalansi ndi COF, isiyeni.

CX-5 ndi yokoma kuyendetsa kuposa Harrier, ndipo ndi imene ingakusangalatseni ngati mumakonda chiwongolero. Koma pewani ya dizilo ya 2.2 ngati maulendo anu ambiri ndi a Machinjiri ndi Limbe. Injini imeneyo ili ndi sefa yogwira mwaye ku ekizozi, imene imadziyeretsa galimoto ikathamanga mtunda wautali. Pa timaulendo tatifupi ta pamzere wa magalimoto imatsekeka, dizilo amalowa mu oilo, ndipo mapeto ake ndi kuwonongeka kwa tebo (turbo) kapena injini. Ya petulo ya 2.0 ilibe zimenezo. Vezel ya haibulidi yoyambirira ija ndiisiya pambali, giyabokisi yake inavuta mpaka Honda inaziitanitsanso kangapo ku Japan komweko.

Mafuta musawaiwale. Mark X mutauni imamwa, V6 ndi V6, ndipo mukuchokera ku Vitz. Masiku amene petulo wasowa, mzere utafika patali, thanki imene imatha msanga imakubwezerani pamzerepo msanga. Ganiziraninso za tsiku logulitsa. Lero mu Blantyre galimoto yokwera ya Toyota siichedwa kupeza wogula, pomwe saluni ya injini yaikulu anthu amaizungulira, kuiyamikira, n'kupita.

Mwandifunsa kuti ine ndikanagula iti. Nditakhala ku Machinjiri, kwathu ku Thyolo, galimoto ili imodzi yokha pakhomo, ndikanatenga Harrier ya petulo, kapena CX-5 ya petulo ndalama ikaperewera, ngakhale mtima wanga uli pa Mark X. Nditasamukira kwa tala mpaka pageti, Mark X ya 2012 kupita m'tsogolo ndikanaitenga osaganiza kawiri, ndipo Benzi ikanadikira mpaka itakhala galimoto yachiwiri.

Iliyonse imene musankhe, ngati ili kale m'dziko muno, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mufike m'mawa injini isanalizidwe. Muikweze muone pansi ngati sampu (mosungira oilo wa injini) ndi ekizozi zinagundidwapo, komanso dzimbiri, chifukwa zochokera kumpoto kwa Japan zimadyedwa ndi mchere wothira m'misewu nthawi ya chisanu. Pa Harrier funsani oilo wa CVT amene akhala akuthira. Akakuuzani kuti ATF wamba, oilo wa magiyabokisi a otomatiki ena, bwererani.