Mwapeza Procomm pa kompyuta yakale? Musathamangire kusintha kaye

Wowerenga wina wanditumizira imelo, akuti wapatsidwa kompyuta ya 486 ya amalume ake, ili ndi DOS, pali ndi modemu yakunja ija ya timagetsi tofiira kutsogolo, ndipo mkati wapezamo Procomm, pulogalamu yolumikizira kompyuta ndi ina kudzera pa modemu ndi laini ya foni. Akufunsa kuti ayambira pati, komanso ngati kuli bwino kuchotsa Procomm yo ndikuikamo ina yatsopanoko.

Achimwene, funso lanuli landikhudza kwambiri chifukwa anthu ambiri akapeza makina ngati amenewo amangotaya kudzala, osadziwa kuti zinthu zimenezi ndi zomwe zinatilumikiza ndi dziko kusanabwere zonse mukuzionazi. Ine ndinaphunzira modemu mu ofesi ina cha m'ma 1990, laini ya foni inali imodzi yokha, masana abwana akuigwiritsa ntchito ndiye ife a kompyuta timadikira aweruke kaye. Kukada umazula chingwe ku foni ndikulumikiza ku modemu, kenako umatchera khutu, imayamba kuimba manambala, kenako phokoso lija la tswiii khrrr, ndiye pa sikirini pabwere mawu oti CONNECT 2400. Mtima umakhala pansi pomwepo. Nthawi ya dzinja laini imachita phokoso, pa sikirini pamangotuluka tizilembo topanda tanthauzo, kenako NO CARRIER, basi zathera pompo, uyambirenso.

Ndipo anthu amaganiza kuti imelo inabwera ndi intaneti kuno kwathu, ayi ndithu. Kampani ya intaneti ya MalawiNet isanayambe mu 1997, ku Chancellor College ku Zomba a Paulos Nyirenda anali akuyendetsa kale imelo kudzera pa FidoNet, makompyuta akuimbirana foni ndikupatsirana makalata pa modemu ngati yanuyo. FidoNet yo anaiyambitsa Tom Jennings ku America mu 1984.

Chomwe chimandisangalatsa pa mapulogalamu amenewa ndichoti ambiri sanapangidwe ndi makampani akuluakulu. PC-Talk anailemba munthu mmodzi, Andrew Fluegelman, mu 1982, ndipo amauza anthu kuti koperani, gawiranani, ikakusangalatsani munditumizire kangachepe. Qmodem inabwera mu 1984, ya John Friel III. Procomm yanuyo ndi ya 1985, ya anyamata a Datastorm ku Columbia, Missouri, nayonso inayamba chimodzimodzi, yongogawirana, kenako ndi pomwe anatulutsa Procomm Plus yogulitsa. Telix ndi ya Colin Sampaleanu wa ku Canada, 1986. Anthu amenewa amakhulupirira kuti wogwiritsa ntchito ali ndi chilungamo, alipira yekha osakakamizidwa, ndipo pulogalamu yonse imakwana pa diski imodzi ya floppy. Lero foni yako yomwe unagula wekha ikukuuza kuti app siitseguka mpaka uchite update, bandulo yathera pomwepo, ndipo chomwe chasintha sukuchiona. Ine zimenezi sindigwirizana nazo, ndipo ndi chifukwa chake ndikukuletsani kuthamangira kusintha. Pulogalamu imasinthidwa pokhapokha pali chinthu chenicheni chomwe yakaleyo ikukanika, osati chifukwa nambala yake ndi yaying'ono.

Nanga chinthu chenichenicho nchiyani? Kwa ine ndi ZMODEM basi, njira yotumizira mafayilo pa modemu. Njira yakale ya XMODEM, yomwe Ward Christensen analemba mu 1977, imatumiza fayilo m'tizidutswa ta mabayiti 128, kachidutswa kalikonse imaima kudikira kuti uko avomere kuti kafika bwino, ndiye imachedwa, ndipo laini ikaduka fayilo itatsala pang'ono kutha umayambiranso pachiyambi penipeni. Ndazionapo zimenezi usiku, lipoti likufunika mmawa, manambala akukwera bwinobwino pa sikirini kenako zii, laini yaduka, zili ngati mtsuko kukuswekera uli pakhomo. ZMODEM ya Chuck Forsberg ya 1986 inathetsa kulira kumeneku, siimaima kudikira, ndipo laini ikaduka imapitiriza pomwe inalekezera. Procomm yakale yogawirana ija ilibe ZMODEM mkati mwake, anthu amachita kuikirapo ka pulogalamu kena kotchedwa DSZ, pomwe Telix 3 ili nayo kale. Ine ndinakonda Telix chifukwa cha chimenechi ndipo mpaka pano sindinasinthe maganizo, a Procomm Plus andikhululukire.

Poyambira pake

Siyani zonse mmene zilili, tsegulani Procomm yomweyo, sankhani COM port (polowetsa chingwe pa kompyuta) pomwe mwalumikiza modemu, pa ma settings a port yo muike 8-N-1, kenako lembani AT ndikudina Enter. Modemu ikayankha OK ndiye kuti zili bwino, ikangoti zii musaimbe mlandu pulogalamu, vuto ndi chingwe kapena port. Dziwani kuti COM1 ndi COM3 zimagawana IRQ4 (IRQ ndi njira yomwe port imaitanira purosesa), COM2 ndi COM4 zimagawana IRQ3, ndiye mbewa ya kompyuta (mouse) ikakhala pa COM1 modemu musaiike pa COM3, zizikanganirana. ATZ imabwezera modemu mwakale, ATDT kutsogolo kwa nambala ndiye kuimba, ATH kudula.

Mukafuna kusamukira ku Telix, koperani kaye foda yonse ya Procomm pa diski ina, makamaka fayilo ya manambala ya amalume anu, yatsopanoyo muiike mu foda yakeyake. Ngati modemu ili ya liwiro la 14400 kapena kuposa apo, lembani MSD mu DOS muone chip ya port, ikakhala 8250 kapena 16450 zilembo zina zizitayika, imafunika 16550A. Ndipo musagule modemu zamkati zija zotchedwa Winmodem, pa DOS sizigwira.

Chovuta chenicheni ndi choti muimbira ndani, chifukwa ma BBS (makompyuta omwe anthu amaimbira kuti asiyirane mauthenga ndi mafayilo) ambiri omwe atsala masiku ano amalowedwa kudzera pa intaneti, pa telnet, osati pa laini ya foni. Ndiye pezani chingwe cha null modem, cholumikizira makompyuta awiri popanda modemu, mulumikize 486 yo ndi kompyuta ina, mbali zonse liwiro likhale lofanana, muyese kutumizirana fayilo ndi ZMODEM ya mu Telix kapena DSZ. Ili mkati zulani chingwecho dala, mubwezeretse, mutumizenso, muone ikupitiriza yokha pomwe inadukira.