Chomwe a ku Japan amakondera maluwa a sakura

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake anthu a ku Japan amatengeka chonchi ndi sakura, mtengo wa maluwa woti zipatso zake sadya n'komwe. Nkhani yagona pa kusakhalitsa kwa maluwawo. Ku Tokyo amaphuka chakumapeto kwa Malichi, koma pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri, mphepo ndi mvula zawayoyola onse. Ndiye anthu ambiri amathamangira kumapaki monga Ueno Park ya mumzindawo kukayala mapepala apulasitiki abuluu pansi pa mitengo, n'kumadya ndi kumwa mowa wa mpunga wotchedwa sake mpaka usiku. Mwambowu amati hanami. Makampani ena amachita kutuma wantchito watsopano m'bandakucha kukagwira malo, wosauka! Komanso sukulu zimatsegulira mu Epulo, choncho maluwawa amakumbutsa ambiri tsiku lomwe anayamba sukulu. Mukachedwa, pitani ku Hokkaido, chilumba cha kumpoto kwa Japan, kumeneko amaphuka chakumayambiriro kwa Meyi.