DDA kapena DIA pa madzi a mu Shire

Achemwali, mwati mukutunga madzi pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi pamene Shire akulowera m'nyanja ya Malombe, kuti mufufuze mankhwala amene ali m'madzimo, ndipo a ku labu ali ndi QTOF, makina ozindikira mankhwala poyeza kulemera kwake, akufunsa ngati mukufuna DDA kapena DIA, njira ziwiri zoyendetsera makinawo. Auzeni DIA pa botolo lililonse, kenako DDA pa madzi osakaniza ochokera m'mabotolo onse.

Vuto la DDA ndi loti makina amasankha okha ma ion (tizigawo ta mankhwala tokhala ndi mphamvu ya magetsi) ochepa amene akuonekera kwambiri n'kuwaphwanya kuti zidutswa zawo zisonyeze kuti ndi mankhwala anji, enawo n'kuwasiya. Ali ngati wogula nsomba padoko amene maso ake ali pa chambo chokha, usipa osauona. Tsono madzi a dzinja amadzaza dothi ndi zowolerana, ndipo zimenezo ndizo zimalanda malo. Atrazine, mankhwala ophera udzu, wochoka m'minda, kapena sulfamethoxazole wa mu Bactrim uja, amakhala wochepetsetsa, mwina ma nanogalamu pa lita, ndiye amadutsa osaphwanyidwa.

DIA imaphwanya zonse. Mwa makampani opanga makinawa, a Sciex amaitcha SWATH, a Waters amati MSE. Ubwino wake ndi woti chaka chamawa mukamva za mankhwala ena, mungotsegula mafayilo omwewo n'kuwasaka, osabwereranso ku mtsinje. Koma zidutswa zimatuluka zosokonekera, kuzilekanitsa n'kotopetsa. Yambani kuphunzira MS-DIAL panopa, pulogalamu ya pa kompyuta yolekanitsira zidutswazo, ndi yaulere. DDA ya madzi osakaniza ija ndiyo idzakupatseni zidutswa zoyera zofananizira ndi MassBank, nkhokwe ya pa intaneti ya zidutswa za mankhwala odziwika.

Muwapemphe kuti ayendetse makinawo pa ma ion a positive ndi a negative, mbali zonse ziwiri. Ngati mukusakanso DDT, ameneyo ndi wa GC-MS, makina ena olekanitsa mankhwala ali ngati mpweya; pa LC, yolekanitsa mankhwala ali osungunuka, simumupeza.

Polemba lipoti musathamangire kutchula dzina la mankhwala. Tsatirani magawo asanu osonyeza mmene mwatsimikizira dzinalo, amene Schymanski ndi anzake anakhazikitsa mu 2014. Gawo loyamba limafuna standard yeniyeni, ndiye kuti mankhwala odziwika kale ofananizira, yoyesedwa pa makina omwewo; popanda iyo nenani kuti mukuganizira chabe.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi dzuwa la kuno ku Mangochi, osati makinawo. Gwiritsani mabotolo agalasi akuda, muwaike mu ayezi mukangotunga, ndipo ngati n'kotheka SPE, kudutsitsa madzi m'timachubu (ma cartridge) togwira mankhwala, muchitire konkuno kuti mutumize ma cartridge okha. Munyamulenso botolo la madzi oyera a mu labu, mulitsegule pomwe mukutungapo, liyende ulendo wonse ndi anzake. Mukapanda kutero, zochoka mu pulasitiki ndi sopo wotsukira mudzazilemba ngati za mu Shire.