R² ya 0.99 isakunamizeni, Ks sinapezeke

Achimwene, ngati Ks (liwiro lomwe madzi amadutsira m'dothi lonyoweratu) ikusintha nthawi iliyonse mukasintha manambala oyambira mu HYDRUS, pulogalamu yoyerekezera kayendedwe ka madzi m'dothi, kompyuta ilibe mlandu. Kuchuluka kwa madzi olowa pansi pakokha sikungakupatseni θr (chinyezi chotsalira m'dothi louma), θs (chinyezi cha dothi lonyoweratu), alpha ndi n (zosonyeza momwe dothi limasungira madzi) ndi Ks zonse pamodzi. Ina ikakwera, inzake imasuntha kuti ibise, mzere wa kompyuta n'kumagwirizana bwinobwino ndi miyeso yanu, R² (nambala yosonyeza kugwirizanako) n'kumakwera. Tsegulani correlation matrix, tebulo losonyeza momwe manambalawa akudalirana. Mukaona 0.95 kapena kuposa pakati pa alpha ndi Ks, ziwirizo zikubisalirana.

Ondikwiyitsa ndi akuluakulu aja amatumiza mwana wasukulu kumunda ndi disk infiltrometer (chipangizo choyezera madzi olowa m'dothi) osamuuza zotenga dothi. Mwana wapsa ndi dzuwa la Okutobala masiku atatu, kope ladzaza, wafika pakompyuta ndiye akufunsidwa chinyezi choyambira ndi chomalizira. Palibe! Abwerere? Mvula yagwa, mwini munda waunda kale mizere pomwe anayezapo. Ndiye omwe aja amati ingolosera. Dothilo limatengedwa kawiri: pambali musanayambe, ndi pansi pa disk mukangoinyamula, musanazengereze. Pimani pasikelo, umitsani mu uvuni pa 105°C maola 24, pimaninso. Ndipo pansi pa disk madzi amafalikiranso m'mbali, choncho HYDRUS-1D, yomwe imangoona madzi opita pansi, ikupatsani Ks yokwera. Pamafunika ya 2D, axisymmetric, yomwe imawerengeranso madzi ofalikira mozungulira disk.

Katondo wathu wa ku Chitedze ndi ku Bunda ndi wachinyengo. Ku labu amatuluka dongo, koma timibulu take timadutsitsa madzi msanga. Rosetta, pulogalamu yolosera manambala aja poona kuchuluka kwa mchenga ndi dongo, anaiphunzitsa kwambiri ndi dothi la ku America ndi ku Ulaya, musaikhulupirire pano. Musaiwalenso dothi lolimba lija pansi pa mizere pomwe khasu limalekezera. Liikeni ngati gawo palokha. Njira ya chiswe imodzi pansi pa disk imaononga muyeso wonse, sunthani muyambirenso.

Tsopano poti nthawi yakutherani: Rosetta yomweyo tengeniko θr ndi manambala oyambira. θs werengerani kuchokera ku bulk density (kulemera kwa dothi louma poyerekeza ndi malo omwe ladzaza), l (nambala ya kulumikizana kwa timibowo ta m'dothi) isiyeni pa 0.5. Musiyire kompyuta zitatu zokha, alpha, n ndi Ks, muyendetse kasanu ndi zoyambira zosiyana kwambiri. n ikatsika pansi pa 1.2 HYDRUS imakonda kukakamira, sankhani njira ya mu HYDRUS momwemo yotchedwa air-entry ya −2 cm. Zotsatira za maulendo asanuwo zikafika pamodzi, lembani. Zikabalalika, bwererani kumunda, muyeze disk mutaitchera pa mphamvu yokoka madzi (suction) ya −15, −6 ndi −3 cm pamalo amodzi, kuyambira −15.